Mvula Imene Ndinapeka

Rivirivi,
Balaka.
Lachitatu masana.

Mwana wanga Filipo,

Kalata iyi ndikupatsa mawa pa siteshoni ya Balaka, koma usaitsegule ndili pomwepo. Udikire sitima ipitirire Limbe. Ndikudziwa kuti suugwira mtima, unatengera amako, koma pa ichi chokha undimvere. Ndikulemba ndili pakhonde, iwe utapita kukatsanzika kwa anthu a kutchalitchi, amako ali kuseri akukazinga mtedza wa paulendo wako. Iwo akuganiza kuti ndikukulembera za akazi a ku Halale ndi za mowa. Zimenezo amalume ako a ku Mposa anakuuza kale Loweruka, ndipo anazinena bwino chifukwa zonse ziwiri amazidziwa mbali zonse. Ine nkhani yanga ndi ya buku lija waika pansi penipeni m'sutikesi, utalikulunga m'nsalu ya amako.

Bukulo unakulira nalo, koma ndilole ndilinene ngati sukulidziwa, chifukwa kunena zoona sukulidziwa. Zaka makumi awiri ndinali woyeza mvula pamunda wa boma woyeserapo thonje kuno ku Rivirivi. M'mawa uliwonse, eyiti koloko, ndinkapita pa chitini chija chinali pakati pa munda, n'kutsanulira madzi ake m'galasi la mizeremizere, n'kulemba mainchi ake. Mwezi ukatha pepala linkapita ku boma, koma ine ndinkasunga manambala omwewo m'buku langalanga lachikuto cholimba. Iwe unatchula bukuli m'kalata yako yopempha malo ku yunivesite, ndipo mzungu amene akakuphunzitse sayansi anayankha kuti ubwere nalo, ati mukaligwiritse ntchito pa phunziro lako loyamba. Tsiku limene yankholo linabwera ndinayenda mpaka kumsika popanda chogula, kungofuna kuti anthu andifunse za iwe.

Ndiye Lamulungu lapitali unatiwerengera pepala lija la malamulo a kumeneko, lomwe akuti usayine usanalowe m'chipinda choyeseramo zinthu. Unkawerenga Chingerezi n'kumatimasulira. Zina ndinamva bwino. Usachedwe, usadyere m'chipindamo, usalawe mankhwala, usaseke mnzako akalakwitsa. Zimenezo ngakhale mwana wa Sitandade Wani angamve. Koma utafika poti usapatse mnzako ntchito yako kuti akopere ngakhale mwayesa chinthucho limodzi, amako anasiya kusoka nsalu.

"Asathandize mnzake?" anafunsa. "Abambo a Filipo, mwamva? Sukulu yanji yophunzitsa ana umbombo?"

Iwe unaseka, unati, "Iyayi amayi, kuthandizana akulola. Chimene akukana n'kulembera mnzako, kapena kutenga zake n'kumati n'zako."

"Nanga tikamalima dima, mzere wa mnzanga Nasimeko ndikaumaliza ine, ndaba?"

Lamulo limenelo nanenso likundivuta. Mpaka lero sindikumvetsa bwino. Ife tinakula tikuuzidwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wodya nzeru zake yekha tinkamuopa kuposa wakuba nkhuku. Palinso lija loti ukatenga mawu a munthu utchule mwini wake ndi buku lake ndi tsamba lake. Ine mawu onse anzeru amene ndili nawo ndinachita kutola, ndipo ndikati "akuluakulu anati" palibe anandifunsapo kuti akuluakulu ake ati, a mudzi uti. Kaya kumeneko akuluakulu onse ali ndi mayina. Iweyo ukangotsata zimene alembazo, ngakhale pamene sukuona mutu wake, poti ndiwe mlendo ndipo mlendo safunsa chifukwa chimene eni nyumba amakhomera chitseko chakumanzere.

Koma lamulo limene landisowetsa mtendere ndi lomaliza lija. Unaliwerenga kawiri chifukwa linakusangalatsa. Akuti chimene wayeza ulembe chomwecho, nthawi yomweyo, ndi inki. Ukalakwitsa udule ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chizionekabe. Usang'ambe tsamba. Chimene sunayeze usalembe. Ndipo wopezeka ndi manambala opeka, kaya anapeka yekha kaya anawatenga kwa wina, achotsedwa sukulu osabwereranso. Utamaliza unandiyang'ana n'kunena kuti, "Ili ndiye silindivuta, ndinaphunzira kwa abambo." Ine ndinatsokomola n'kupita kukaona mbuzi zimene zinalibe vuto lililonse.

Filipo, manambala ena m'bukumo ndinachita kupeka. Ndanena. Tsopano mvera mmene zinayendera, osati kuti undikhululukire, koma kuti mwina iwe wophunzira ukandithandize kuona pamene ndinasochera, chifukwa ine ndikayang'ana m'mbuyo njira zake zikundisokoneza.

Bodza loyamba linali la iwe. Amako ali ndi pakati pako anapita kwao ku Mposa, poti mwana woyamba amabadwira kwa amayi a mkazi. Uthenga utabwera kuti nthawi yakwana ndinapempha masiku awiri, n'kupalasa njinga yobwereka. Koma ndikanabwerera bwanji ndisanakuone? Mwamuna salowa m'chikuta, ndiye ndinangokhala panja kwa apongozi, kusema mipini imene palibe anaipempha, kudikira kuti mchombo ugwe akutulutse. Masiku awiri anasanduka asanu ndi anayi, pakati pa Januwale. Pobwera ndinapeza chitini chadzaza mpaka kusefukira, muli ndi chule. Ndinaima pamenepo ndikungochiyang'ana. Anandipeza Che Amidu, kapitawo wa pamunda, amene ukuwadziwa, aja amakupatsa nzimbe uli wamng'ono.

"Achimwene, mwaima ngati mwaona maliro bwanji?" anatero.

Ndinawaonetsa mizere isanu ndi inayi yopanda kanthu m'buku.

"Madziwo si awo ali m'chitinimo? Agaweni. Lolemba inagwa yambiri, ndinanyowa ine. Lachitatu inangowaza. Lachisanu inagwa usana wonse. Mzungu safuna mpata m'buku, walahi. Mpata ndiye umamupweteka m'maso."

Tinakhala pansi pa mtengo wa mtondo, iwo akukumbukira, ine ndikugawa. Sitinkaona ngati tikunama. Mvula inagwadi, madzi analipodi, ife tinangowapezera masiku. Mwezi utatha Bwana Chisoti, mzungu amene ankayang'anira mundawo, anaona pepala langa n'kunena kuti ndine munthu wosamala. Tsamba lija unkakonda kutsegula uli mwana, lija unkati "mvula ya tsiku langa," mainchi awiri ndi kota, ndi limenelo. Tsiku limene unabadwa ine ndinali ku Mposa, ndipo ku Rivirivi kaya inagwa yochuluka bwanji.

Usaganize kuti sindinayesepo kunena zoona. Chaka chotsatira ng'ombe za pamunda zinathyola mpanda n'kugwetsa chitini itangogwa mvula yaikulu. Mtima unali ukundivutabe ndi za Januwale uja, ndipo ndinali nditaulula kale kwa ansembe, amene anandipatsa Atate Athu atatu koma osandiuza choti ndichite ndi buku. Ndiye ulendo uno ndinasiya mzerewo wopanda nambala, n'kulemba m'mbali kuti ng'ombe zinagwetsa chitini. Bwana Chisoti anafiira mpaka m'makutu. Anati mpanda unali m'manja mwanga, anati ndamuchititsa manyazi ku boma, n'kundichotsa pa chitini mwezi wathunthu kuti ndizikazula udzu pamodzi ndi aganyu. Che Amidu ankangondipatsa moni mwaulemu kwambiri akamandidutsa ndili chowerama. Tsono taona, mwana wanga. Nditanama ananditcha wosamala, nditanena zoona anandipatsa khasu. Mzungu yemweyo, wa mtundu womwewo wa amene alemba malamulo ako. Ndiye ndimadzifunsa, kodi lamuloli analipanga liti? Kapena linalipo kale koma silinkafika kuno kumunda?

Ichi ndikuuze ngakhale ine ndinachilephera. Kumeneko tsiku lina chitini chako chidzagwa. Galasi lidzasweka, kapena udzaiwala kuyang'ana wotchi, kapena yankho lidzatuluka losiyana ndi la anzako onse. Ulembe kuti chagwa. Mwina adzakukalipira, sindingakulonjeze kuti sadzatero. Ine udzu ndinazula mwezi umodzi n'kutha, ndipo msana unapola. Koma masiku asanu ndi anayi aja sanathe mpaka lero, ndi awa akukwera nawe sitima.

Za kukopera kwa mnzako ndili nazonso, ndipo apa useke ngati ukufuna, poti nanenso ndinaseka ndisanayambe kuchita mantha. Alamu anga Yohane, achimwene awo a amako, anali woyeza mvula pa chitini china ku Balaka. Chaka china malungo anandigwira milungu iwiri. Nditadzuka ndinapita kwa iwo, n'kukopera manambala awo, apa kuchotsako pang'ono, apo kuwonjezera pang'ono, poganiza kuti Balaka ndi Rivirivi mtambo wake ndi umodzi. Kuyambira pamenepo tinazolowera. Loweruka lomaliza la mwezi tinkakumana, aliyense ndi buku lake, ati kufananitsa. Ine pamene ndinali ndi mpata ndinkasuzumira mwa iwo. Ndinkawakhulupirira, nthawi imeneyo anali akadali munthu wa kwaya, wosamwa. Patapita zaka zinayi, tsiku lina ndinawafunsa za sabata ina ya Febuluwale imene ndinalibe.

"Alamu, sabata imeneyo ndimati ndionera kwa inu," anatero.

"Kwa ine? Inu simunayeze?"

"Ndinali ku ukwati ku Kawinga. Nanga si nthawi zonse ndimadalira inu? Inu ndiye wosamala, ngakhale Bwana wanu amanena."

Tinayang'anana. Zaka zinayi wakhungu ankatsogolera wakhungu mnzake, aliyense akuthokoza Mulungu kuti mnzakeyo amaona. Ndipo chaka chomwecho kunabwera kalata yochokera ku boma yoyamikira kuti manambala a Balaka ndi a Rivirivi amagwirizana bwino, zomwe zikusonyeza kuti oyeza onse awiri ndi okhulupirika. Amalume akowo anaiika m'felemu, ili pakhoma kwao ku Mposa, unaiona Loweruka.

Mwina apa m'pamene lamulo lija lodabwitsa amako lili ndi nzeru, kaya. Pa dima mzere ukaumaliza umaoneka, aliyense akhoza kubwera n'kuona kuti walimidwa. Koma nambala ikalowa m'buku palibe angaione kumene yachokera. Anthu awiri akayeza payekhapayekha n'kupeza zofanana, chimenecho n'chinthu. Akakoperana n'kupeza zofanana, ndi munthu mmodzi wavala zipewa ziwiri. Ndikuganiza kuti n'zimene akutanthauza. Komabe mtima wanga sukuvomera kwenikweni, chifukwa ukadzapeza mwana wa kwathu kuno ku Nyasalande ali yekha pakati pa azungu, akulira kuti ntchito yamukanika ndipo mawa aitenga, ine bambo ako ndingakuuze bwanji kuti umutsekere buku? Ndaganiza kuyambira Lamulungu, ndipo chimene ndapeza n'chochepa. Ukhale naye pansi, umuonetse njira, umupatse nthawi yako ngakhale chakudya chako. Koma cholembera chikhale m'dzanja lake, ndipo maso ake akaone galasi lake. Ngati zimenezonso n'zoletsedwa, ufunse aphunzitsi poyera. Safunsa anadya phula.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Chaka cha njala chija unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ukukumbuka. Mvula inayamba bwino, chimanga chinafika m'mawondo, kenaka inadula. M'mawa uliwonse ndinkapita pa chitini n'kupeza fumbi, n'kulemba ziro. Ziro, ziro, ziro, tsamba lonse. Nthawi imeneyo Bwana Chisoti anali atapita kwao, kunabwera wina wachinyamata, amene ananena kuti ngati Rivirivi ndi youma chonchi, mundawo ausamutsira kwina. Pamundapo pankagwira ntchito anthu oposa makumi atatu, ndipo chaka chimenecho phoso la pantchito ndilo linkasunga mabanja awo, ndi lathu lomwe. Ulendo uno Che Amidu sanandiuze kuti ndipeke. Anangobwera m'mawa wina ndili ndi galasi louma m'manja, n'kuyang'ana kumwamba.

"Mitambo ija ya dzulo munaiona, achimwene?"

"Ndinaiona, koma sinagwetse kanthu."

"Kwathu kuja tinamva timadontho padenga."

Anangonena zomwezo n'kumapita. Ndinalemba kota ya inchi. Patapita masiku asanu ndinalembanso theka. Sabata yotsatira kota ina. Mvula zitatu zimene sizinagwe pa munda wa munthu aliyense. Munda sanausamutse, anthu aja sanachotsedwe, ndipo ena a iwo mpaka lero akandiona amavula chipewa osadziwa chifukwa chake ine ndimayang'ana kumbali.

Koma chimanga cha boma chothandiza anthu chitayamba kugawidwa, kuno chinafika mochedwa, madera ena atalandira kale. Anthu ankati ndi chifukwa cha msewu, ena ankati malole anali ochepa. Mwina n'zoona. Sindikudziwa ngati pepala langa linawerengedwa n'komwe, mwina linangoikidwa m'kabati n'kudyedwa ndi chiswe. Koma mwinanso munthu wina anakhala pa tebulo n'kuona kuti ku Rivirivi kunagwako timvula titatu, n'kunena kuti amenewo angadikire pang'ono. Mlongo wako Malita anamwalira m'masabata odikirawo. Anali wodwaladwala chibadwire, amako amatero, ndipo ansembe anateronso. Sindikunena kuti inchi yanga imodzi inamupha. Sindikunenanso kuti sinamuphe. Zaka zonsezi ndakhala pakati pamenepo, ndipo palibe munthu amene ndingamufunse. Ndinapulumutsa mabanja makumi atatu kapena ndinapha mwana wanga, kapena zonse ziwiri, kapena palibe chimene ndinachita koma kudetsa pepala. Mtima umandiwawa, Filipo, ndipo ukamawawa sudziwa n'komwe kuti ukuwawira chiti.

Chimene ndinaphunzirapo, ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndi ichi. Nambala ikachoka m'manja mwako sudziwa kumene ikupita. Iwe umailemba uli ndi chifukwa chako chabwino, uli ndi nkhope za anthu amene ukuwamvera chisoni. Koma iyo imapita yokha, yopanda chifukwacho, n'kukafika kwa munthu amene sakukudziwa, amene aikhulupirira chifukwa alibe china choti akhulupirire. Iwe ukupita kukaphunzira zinthu zazikulu kuposa chitini, mwina mankhwala, mwina madzi akumwa anthu. Chimene sunayeze usalembe. Ndikubwereza mawu a pepala lako lomwe, ine amene ndinalibe pepala.

Lolemba, iwe utapita kukadinditsa chiphaso chako, ndinatulutsa bukulo m'sutikesi. Ndinali ndi nzeru yabwino, ndinkatero. Ndinagula pensulo yofiira kuti ndidule manambala onse opeka ndi mzere umodzi, monga lamulo likunenera, kuti otsalawo ukawagwiritse ntchito ndi mtima woyera. Masiku asanu ndi anayi a kubadwa kwako ndinawapeza msanga. Mvula zitatu za chaka cha njala ndinazipeza ndisanatsegule n'komwe tsambalo. Milungu iwiri ya malungo ndinaipeza. Kenaka ndinayamba kusochera. Miyezi ya alamu Yohane, ndi masiku ati anali anga, ndi ati anali awo? Ndipo awowo, ndi ati anayeza, ndi ati anatenga kwa ine? Komanso pali china chimene ndinali nditaiwala dala. M'zaka zomalizira dzanja linali litazolowera. M'mawa wina kukakhala matope, kapena mwendo ukamapweteka, ndinkangoima pakhomo, kuyang'ana mmene madzi akhalira m'mizere, n'kunena kuti iyi ndi theka la inchi. Nthawi zambiri ndikapita masana kukaona ndinkapeza kuti ndalondola. Nthawi zina sindinkapita. Manambala amenewo ali m'bukumo ndi inki yomweyo, dzanja lomwelo, ndipo akuoneka okongola chimodzimodzi ndi anzawo.

Amako anandipeza nditagwira pensulo m'mwamba, ndisakulemba.

"Mukuwononga buku la mwana bwanji?"

Ndinawauza. Osati zonse, za Malita sindinanene, ndipo iwenso usadzawauze pokhapokha ine nditayamba. Atamva anati, "Ndiye ambiri ndi abodza?"

"Iyayi, ambiri ndi oona."

"Nanga vuto lili pati? Mumpunga simusowa timiyala."

"Timiyala ta mumpunga timaoneka, amake Filipo. Iti sindikutiona."

"Ndiye musamuuze. Mzunguyo akadziwa bwanji mvula ya kuno? Anali kuno? Mwana wasangalala, mulekeni apite ndi chimwemwe chake."

Kunena zoona mawu amenewo anandikomera. Ndinabweza buku m'sutikesi n'kugona nawo mawuwo. Lachiwiri ndinapita kwa Che Amidu, amene tsopano maso akuwavuta, amangokhala pamkeka ndi tasibihi yawo, mikanda yopempherera ija. Ndinkafuna andiuze zomwezo kuti zikhale za anthu awiri. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mvula imeneyo inagwa kalekale, inapita ku Shire," anatero. "Mukufuna kuibweza?"

"Ndiye ndisanene?"

"Ine sindinatero. Ine kale ndinkakuuzani za buku la mzungu. Ili mukunenali ndi la mwana wanu. Akakaligwira ndi bodza, akachotsa ndani, inu kapena iye?"

Ndinabwerako wosokonezeka kuposa mmene ndinapitira. Munthu yemweyo amene anandiphunzitsa kugawa madzi a m'chitini. Koma funso lawo linanditsatira njira yonse. Mzungu wakoyo ndi munthu wa manambala. Tsiku lina akhoza kuika buku langa pambali pa mapepala a Balaka n'kuona kuti akufanana mopitirira muyeso, ngati ana a sukulu okhala benchi imodzi. Akhoza kuona mvula itagwa ku Rivirivi kokha m'mwezi umene dziko lonse linauma. Pamenepo iwe udzakhala utalemba kale ntchito yako pamwamba pa manambalawo, utasayina dzina lako. Udzati sindinkadziwa, ndipo udzakhala ukunena zoona, koma kaya adzakumvera. Ana a kuno amene alowa kumeneko ndi owerengeka pa zala, ndipo alipo anthu amene akungodikira kuti mmodzi apunthwe kuti anene kuti tinanena kale. Mlandu suola, mwana wanga, ndipo uwu ndi wanga, sindikufuna ukaolere m'manja mwako.

Ndinaganiza zolichotsa m'sutikesi mwakachetechete, iwe ukazindikire uli ku Halale. Koma ukanati waliiwala, ukanalemba kalata kuti ndilitumize, ndipo ine ndikanayamba kupeka bodza lina. Ndinaganiza zolitentha. Dzanja linakana, chifukwa muli m'mawa zikwizikwi zimene ndinapitadi, mvula ikundimenya, mwendo ukutupa, n'kuwerenga galasi moona. Zimenezonso ndi zanga. Ndiye sindikudziwa ngati bukuli ndi labwino lokhala ndi zoipa, kapena loipa lokhala ndi zabwino. Mwina kusukulu kwanuko ali ndi njira yosefera, poti akuti sayansi imatha zambiri. Mwina alibe, adzangoti lonse litayidwe. Zimenezo adzaweruza ndi iwo, koma aweruze akudziwa.

Tsono chimene ndachita ndi ichi. Buku lili m'sutikesi momwe unaliika, m'nsalu yomweyo. Mizere yofiira imene ndinakwanitsa kudula ilimo. Ndipo m'kati mwa chikuto, osati pa tsamba loti lingang'ambidwe, ndalemba ndi inki mawu awa: "Ine Simeoni, woyeza mvula pa Rivirivi, ndikunena kuti manambala odulidwa ndi pensulo yofiira ndinachita kupeka. Alipo enanso opeka kapena okopera amene sindikutha kuwazindikira. Mwana wanga Filipo sankadziwa." Ndasayina, ndipo m'mawa uno ndinalitengera kwa Che Amidu, iwo adinda chala chawo pansi pake, ati nawonso analipo.

Ndikudziwa chimene ndakulanda. Unkapita kumeneko ndi chinthu chimodzi chimene ana a azungu alibe, buku la bambo ako, ndipo unkafuna kukaliika pa tebulo mutu uli m'mwamba. Ndinaona mmene unalikulungira. Ukhoza kundikwiyira, ndipo ukakwiya usalembe kalata yonamizira kuti sunakwiye, ndidzazindikira, poti za kupeka ndimazidziwa. Amako uwalembere ndithu mwezi uliwonse, iwo sanalakwe kanthu. Jekete lija uzivala, akuti kumeneko kumazizira kuposa ku Zomba. Pepala la malamulo usayine mopanda mantha, chifukwa iwe sunapekepo kanthu, ndipo ndikupempha Mulungu ndi Amayi Maria kuti udzafike pa msinkhu wanga ukudziwa nambala iliyonse imene unalemba kumene inachokera.

Ukafika, usadikire kuti mzunguyo ayambe waliyamikira bukulo. Tsiku loyamba lomwelo, asanatsegule tsamba lililonse, umuonetse chikutocho. Iye Chinyanja sadziwa, ndiye udzayenera kumumasulira ndi pakamwa pako, monga unatimasulira ife pepala lake. Umuwerengere mawu onse, usafewetse, usadumphe. Akakufunsa kuti Simeoni ameneyu ndani, umuuze kuti ndi bambo ako.

Uyende bwino, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Simeoni.